Sukulu Zatsekera: Ana Atsala M'manja mwa Yani?

Lamulungu la 16 pa Chaka, Chaka B

Aliyense wodutsa pa depoti ya Wenela kapena ku Limbe masiku ano akudzionera yekha kuti chaka cha sukulu chatha. Mabasi akutsitsa ana ochokera ku sukulu zogonera konko, aliyense ali ndi sutikesi, ndowa ndi matiresi omanga ndi chingwe. A Sitandade 8 adalemba kale mayeso awo mu Meyi ndipo akhala ali pakhomo kuyambira nthawi imeneyo. A Fomu 2 adatsatira, ndipo a Fomu 4 ndiwo akutseka mzere ndi mayeso a MSCE. Kuyambira tsopano mpaka mu Seputembala belu la sukulu likhala chete. Mwa matchuthi atatu a chaka cha sukulu, ichi ndicho chachitali kuposa cha Khrisimasi ndi cha Pasaka.

Mawerengo a lero Eklezia adawakonza kalekale, ndipo amamveka m'matchalitchi a pa dziko lonse kamodzi pa zaka zitatu, popanda kuyang'ana kalendala ya Unduna wa Zamaphunziro. Komabe agwera pa nthawi yake. Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Marko Woyera, mutu 6, ukukamba za kupumula. Mneneri Yeremiya, mutu 23, akukamba za abusa. Banja lililonse limene lili ndi mwana wa sukulu likumana ndi zinthu ziwirizi m'sabata zikubwerazi, lifune lisafune.

Atumwi adali atangobwera kumene ku ulendo umene Yesu adawatuma awiriawiri. Adamufotokozera zonse zimene adachita ndi zimene adaphunzitsa, monga momwe mwana amaperekera lipoti la sukulu kwa makolo. Marko akuwonjezera kanthu kamene woŵerenga mothamanga angathe kukadumpha: anthu obwera ndi opita adachuluka kwambiri moti atumwiwo adasowa ngakhale mpata wodyera. Yesu adaziona zimenezi. Sadawafunse kuti atembenuza mitima ya anthu angati, ndiponso sadawasenzetse ntchito ina pomwepo. Adawaitana kuti apite naye kwaokha, ku malo opanda anthu, akapumuleko pang'ono.

Choncho kupumula si ulesi, ndipo tchuthi si nthawi yotayika. Izi zikufunika kunenedwa poyamba, chifukwa mu mzinda muno muli makolo amene amaona tchuthi ngati mdani wa maphunziro. Sukulu ikatsekera Lachisanu, Lolemba lake mwana ali kale m'kalasi ina ya part-time, kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo zimakhala choncho mpaka teremu yatsopano itayamba. Mwana amene akuvutika ndi masamu angathandizikedi ndi maola ochepa a maphunziro apadera, palibe wotsutsa. Koma mwana wa zaka 9 amene wadzuka 5 koloko m'mawa kwa miyezi khumi, kuthamangira minibasi m'chisanu cha Juni, ali ndi thupi ndi mutu zimene zimatopa. Munda nawonso umafuna kugonera. Lamulo la Mulungu la tsiku lopumula, monga lidalembedwera m'buku la Deuteronomo mutu 5, silidasiye ana kunja. Limatchula mwini nyumba, ana ake aamuna ndi aakazi, antchito ake, mlendo, mpaka ng'ombe ndi bulu.

Pa mndandanda umenewu pali anthu awiri amene amaiwalika nthawi ya tchuthi. Woyamba ndi mphunzitsi, amene m'sukulu zambiri za boma za mu mzinda amaima tsiku lililonse patsogolo pa ana oposa 100, kenaka nkukachonga makope awo usiku. Iyeyu akapumula sakuba nthawi ya munthu. Wachiwiri ndi mtsikana wantchito wa pakhomo. Ana akatsekera, ntchito yake imawirikiza: mbale zambiri, zochapa zambiri, phokoso tsiku lonse. Kawirikawiri iye mwini ndi mwana, wobwera naye kuchokera kumudzi ndi lonjezo la sukulu limene silidakwaniritsidwe. M'nyumba ya Chikhristu sizikomera Mulungu kuti ana a mwini nyumba azikhala pa sofa ndi rimoti m'manja pamene mnzawo wa msinkhu womwewo akuwachapira zovala zamkati.

Khamu lidakafika poyamba

Nkhani ya Marko siithera pa kupumula. Yesu ndi atumwi adakwera chombo, koma anthu adawaona, nazindikira kumene akupita, nathamanga wapansi m'mbali mwa nyanja mpaka kukafika iwo asadafike. Malo amene adayenera kukhala a phee adapezeka atadzaza kale.

Tchuthi cha mwana chimatero. Makolo akamaganiza kuti mwana ali pakhomo akupumula, ena adathamanga kale nkukafika pamalopo. Mwini video show wafika. Wa malo obetchera mpira wafika. Wogulitsa kachasu ndi timabotolo ta mowa wotchipa wafika, ndipo safunsa zaka za wogula. Bambo wa galimoto amene amaimitsa atsikana pa msewu nkuwapempha nambala ya foni wafika. Foni yomwe yafika, ndi magulu ake a WhatsApp ndi makanema a TikTok amene satha. Onsewa ali ndi nthawi yokwanira yocheza ndi mwana, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene amati watopa.

Yesu atatsika m'chombo adaona khamulo ndipo adalimvera chisoni, chifukwa anthuwo adali ngati nkhosa zimene zilibe woziweta. Munthu akayenda pakati pa sabata cha m'ma 10 koloko m'mawa m'njira za ku Ndirande, Bangwe, Mbayani kapena Zingwangwa mu Ogasiti, aona chithunzi chomwecho. Kwa miyezi khumi sukulu ndiyo yakhala mbusa. Imadziwa kuti mwana ali pati kuyambira m'mawa mpaka masana, imamuitana dzina, imamupatsa chochita, ndipo akajomba pamakhala wofunsa. Tsiku lotsekera mbusa ameneyu amapereka ndodo kwa makolo. Funso ndi lakuti kodi alipo amene amailandira.

Kumudzi mwana wa pa tchuthi sasowa maso omuyang'ana. Kuli kutunga madzi, kuli kudimba, kuli mbuzi, ndipo mayi aliyense wa pa mudzi ali ndi ufulu womudzudzula. Mu mzinda makolo amatuluka kudakali mdima kukasaka ya ndiwo ndi ya lendi, ndipo amabwera dzuwa litalowa, atafooka. Palibe angawanene, chifukwa tchuthi cha ana si tchuthi cha ku ntchito kapena cha ku msika. Koma zotsatira zake ndi zakuti mwana amakhala maola khumi ndi awiri popanda wamkulu. Ndipo vutoli silisankha dera. Mwana wa ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe, wotsekeredwa mu mpanda wa njerwa ndi foni ndi intaneti, ali yekhayekha chimodzimodzi ndi mwana wa ku Mbayani amene wasenza beseni la mandasi. Mpanda umatchinga akuba a katundu okha.

Yeremiya sadadzudzule mimbulu. Adadzudzula abusa amene adalekerera nkhosa kubalalika osazisamala. Mneneriyu ankanena za mafumu a ku Yuda, koma mawu ake amagwera aliyense amene adapatsidwa anthu oti awayang'anire. Pa tsiku la Ubatizo wansembe amafunsa makolo ngati akumvetsa udindo wolera mwanayo m'chikhulupiriro, ndipo iwo amavomera pamaso pa mpingo. Aphunzitsi sadafunsidwe funso limeneli. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha maphunziro cha 1965, udaphunzitsa kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba ndi aakulu a ana awo, ndipo sukulu ndi yongothandiza. Tchuthi chimangobweza mwana kwa eni ake.

Tchuthi cha mnyamata wa ku Thagaste

Eklezia ali ndi mboni ya mu Africa muno pa nkhani imeneyi. Augustino Woyera adabadwa m'chaka cha 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Adali mwana wanzeru, ndipo makolo ake adamutumiza ku sukulu ku mzinda wa Madaura. Ali ndi zaka 16 adabwerera kwawo chifukwa bambo ake, a Patricius, adalibe ndalama zokwanira zomutumizira ku sukulu yapamwamba ku Carthage. Adakhala pakhomo pafupifupi chaka chathunthu kudikira fizi, wopanda chochita.

Atakula, ali kale episkopi, adalemba za chaka chimenechi m'buku lake lotchedwa Confessions, ndipo sadadzibise. Adalowa m'gulu la anyamata oyendayenda usiku. Pofuna kuti anzake asamuone ngati wopepera, ankadzitama ngakhale ndi zoipa zimene sadachite nkomwe. Usiku wina iye ndi anzakewo adakagwedeza mtengo wa mapeyala wa mnansi wawo nkutenga zipatso zambirimbiri. Sadali ndi njala, ndipo kwawo kudali zipatso zokoma kuposa zimenezo. Adangolawako pang'ono, zotsalazo nkuponyera nkhumba. Munthu wina angaseke kuti episkopi wamkulu chotere akulira chifukwa cha mapeyala, koma Augustino adaona chinthu chozama pamenepo. Adaba chifukwa choti kuba kudali koletsedwa, ndipo adavomera kuti akadakhala yekha sakadachita. Gulu ndilo lidamupatsa mphamvu.

Chimene chiyenera kugwira mtima makolo ndi zimene adalemba za kwawo. Bambo ake ankatamandidwa ndi anthu a m'mudzi chifukwa chodzimana kuti mwana aphunzire, kuposa anthu ena olemera amene sankachitira ana awo zotero. Koma bambo yemweyo sankalabadira kuti mwanayo akukula bwanji pamaso pa Mulungu, bola akhale wodziwa kulankhula ndi wotchuka. Atazindikira kuti mnyamatayo watha msinkhu, adangosangalala kuti posachedwa aona zidzukulu. Mayi ake, Monika Woyera, adachita mantha ndipo adamutengera pambali nkumuchenjeza za dama, makamaka kuti asayende ndi mkazi wa mwini. Augustino adaona ngati ndi malangizo achizimayi amene mnyamata angachite nawo manyazi. Mawu adachokera kwa kholo limodzi lokha, ndipo kholo linalo lidakhala chete.

Ndalama zitapezeka adapita ku Carthage ndi makhalidwe amene adaphunzira m'chaka chokhala chabe chija. Posakhalitsa adatenga mkazi popanda ukwati nkubereka naye mwana. Adabatizidwa ku Milan m'chaka cha 387, patapita zaka zoposa 15 za misozi ya Monika. Eklezia amakumbukira mayiyu pa 27 Ogasiti ndi mwana wake pa 28 Ogasiti, mkati mwenimweni mwa tchuthi chino. A Patricius alipo ambiri m'parishi ino: abambo olimbikira, olipira fizi pa nthawi yake, amene sadziwa dzina la mnzake wa mwana wawo ngakhale mmodzi.

Dziko la Malawi lidaphunzira phunziro lomweli mowawa. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo zidayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala chaka chomwecho. Belu litaliranso, mabenchi ambiri adali opanda eni. Atsikana zikwizikwi adali ndi pakati, ena adali atakwatiwa, ngakhale malamulo a dziko lino saloleza ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Anyamata ena adali atazolowera ndalama za ganyu ndi kabaza ndipo sadafunenso kope. Matendawo sadagwire ana ambiri, koma miyezi yokhala opanda mbusa ndiyo idawagwira. Akuluakulu adati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo agogo ambiri amene lero akulera zidzukutukulu akudziwa tanthauzo lake.

"Ali kwa achibale"

Njira imene mabanja ambiri a mu mzinda amatsata ndiyo kutumiza ana kumudzi kapena kwa achibale a mzinda wina. Pali zabwino zambiri pamenepa. Mwana wobadwira ku Queens nkukulira ku Chilomoni ayenera kudziwa kwawo, kuona manda a makolo ake, kugwira khasu, kusenda chinangwa, kumva chilankhulo cha agogo ake ndi kudziwa kuti ufa suchokera m'sitolo. Papa Francisco adakhazikitsa mu 2021 tsiku la agogo ndi okalamba, limene limakumbukiridwa Lamulungu lachinayi la Julayi, pafupi ndi chaka cha Yoakimu ndi Anna Oyera, agogo ake a Yesu, pa 26 Julayi. M'mabanja ambiri agogo ndiwo adaphunzitsa ana chizindikiro cha mtanda ndi Kolona. Sabata zingapo pa khonde la agogo zingapatse mwana zimene kalasi siingamupatse.

Koma Luka Woyera, mutu 2, akusimba nkhani yoyenera kuikumbukira basi isadanyamuke. Yesu ali ndi zaka 12 adatsalira ku Yerusalemu pambuyo pa chikondwerero cha Pasaka. Maria ndi Yosefe adayenda tsiku lathunthu poganiza kuti mwanayo ali m'gulu la apaulendo, ndipo madzulo ndi pamene adayamba kumufunafuna pakati pa achibale ndi anansi. Adamupeza patapita masiku atatu. Ngati zidachitikira banja loyera, zingachitikire banja lililonse. Mawu akuti "ali kwa achibale" amagoneka mtima wa kholo, koma sanena kuti mwanayo akugona chipinda chiti, ndi yani, akudya chiyani, ndipo masana amatsala ndi ndani.

Nkhani iyi ndi yovuta kuikamba m'tchalitchi, koma kukhala chete ndiko kwapweteketsa ana ambiri. Amene amachitira ana nkhanza zogonana nthawi zambiri si anthu achilendo. Amakhala amalume, msuweni, bambo wopeza, mnansi, munthu wolemekezeka amene banja limamudalira. Tchuthi ndi nthawi imene ana amagona m'nyumba zosazolowera, mothithikana ndi akuluakulu. Kholo lisadatumize mwana, likhale naye pansi nkumuuza momveka kuti thupi lake ndi kachisi wa Mzimu Woyera, kuti palibe wachibale amene ali ndi ufulu woligwira mosayenera, ndipo kuti akadzanena adzakhulupiriridwa. Poimba foni, kholo lilankhule ndi mwanayo mwini wake, osati kungomva kwa azakhali kuti onse ali bwino. Mwana akanena kuti sakufuna kupitanso kwa auje, afunsidwe chifukwa chake modekha m'malo momukalipira kuti ndi wamwano. Ndipo choipa chikachitika, si nkhani yokambirana pachibale nkulipitsana mbuzi. Ndi mlandu, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, komanso pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Banja limene limabisa wolakwa pofuna kuteteza dzina lake lapereka mwana nsembe.

Miyezi ino ndi imenenso zinamwali zimachitika m'madera ambiri. Mwana wotumizidwa kumudzi angathe kulowetsedwa ku simba makolo ake osadziwa. Kulangiza mwana amene watha msinkhu ndi chinthu chofunika, ndipo makolo akale sadalakwe poona kuti mwana sangakule popanda mwambo. Ndi chifukwa chake Eklezia ali ndi alangizi ndi chilangizo cha Chikhristu, chimene chimasunga ulemu, ukhondo ndi kudziletsa, nkusiya zimene zimakankhira mwana ku chiwerewere. Makolo anene maganizo awo kwa agogo poyera mwana asadanyamuke, mwaulemu koma mosazungulira.

Kukhalapo

Yesu ataona khamu lija sadalithamangitse kuti iye ndi atumwi apumule. Adakhala nalo nkuyamba kuliphunzitsa zinthu zambiri. Mankhwala a nkhosa zobalalika ndi mbusa amene ali pomwepo.

Yohane Bosco Woyera, amene adakhala kuyambira 1815 mpaka 1888, adagwira ntchito pakati pa anyamata osauka a mu mzinda wa Turin ku Italy, ndipo ankaopa tchuthi kwambiri, chifukwa ankaona anyamata amene adawaumba chaka chonse akubwerako atasinthika. Koma yankho lake silidali kuwatsekera m'kalasi. Ankatenga gulu la anyamata nkuyenda nawo wapansi kupita kwawo ku Becchi ndi m'midzi ya m'mapiri a Monferrato, atanyamula zoimbira za bandi. Ankachita masewero m'midzi, kupemphera Kolona, kuchita Misa, kudya zimene anthu awapatsa ndi kugona paliponse pamene papezeka. Njira yake yolerera ana idatsamira pa nzeru, chipembedzo ndi chikondi, ndipo pamwamba pa zonse ankafuna kuti wamkulu azipezeka pakati pa ana pamene akusewera, osati ngati wapolisi koma ngati bwenzi. Ana ake auzimu, a Salesian, akupitiriza ntchitoyi ku Area 23 ku Lilongwe.

Kholo limene limagulitsa kaunjika ku Limbe silingasiye benchi nkukayenda m'mapiri ndi bandi. Koma pali zimene lingathe. Marko adaona kuti atumwi adasowa mpata wodyera, ndipo mabanja ambiri a mu mzinda adausowa kalekale: aliyense amadya pa nthawi yake, wina patsogolo pa TV, wina kuchipinda ndi foni. Nsima ya madzulo yodyera pamodzi, mafoni ali patali, ndi pamene kholo limamva kuti mwana waswera kuti, ndi yani, ndipo nsapato zatsopanozo wazitenga kuti. Mwana amene wabwera ndi chinthu chimene kholo silidagule afunsidwe tsiku lomwelo.

Lipoti la sukulu nalo lisakhale chikwapu cha tchuthi chonse. Mwana amene walephera akudziwa kale kuti walephera, ndipo kumutchula mbuli m'mawa uliwonse mpaka Seputembala sikukweza malikisi ake. Kumangomuthamangitsira kwa anzake amene samunyoza. Amene akudikira zotsatira za MANEB ali ndi nkhawa imene sainena, ndipo ayenera kumva zotsatirazo zisadatuluke kuti pakhomo pano ndi pake, akhoze kapena alephere.

M'mawa kholo lisadatuluke, mwana aliyense adziwe ntchito yake ya tsikulo, wamwamuna ndi wamkazi yemwe. Mnyamata wa Fomu 3 amene satha kuphika nsima kapena kuchapa malaya ake sadaleredwe bwino, ngakhale atakhoza masamu. Kuthandiza pa bizinesi ya banja si kulakwa. Yesu mwini adakulira m'nyumba ya mmisiri wa matabwa. Koma pali kusiyana pakati pa mwana amene wakhala pa okala pafupi ndi mayi ake masana, ndi mtsikana wa zaka 12 amene akuzungulira m'mabala ndi mazira owiritsa 9 koloko usiku, atauzidwa kuti asabwere asadathe. Phindu la mazira amenewo silingalipire chimene chingamuchitikire.

Ndipo Mulungu sapita ku tchuthi. Ana a sukulu za mishoni amazolowera Misa ndi mapemphero chifukwa belu limawadzutsa. Akafika pakhomo amaona ngati Lamulungu ndi tsiku logona, makamaka akaona bambo atsala pakhomo pamene mayi apita okha ku tchalitchi. Sabata zimenezi ndi mpata wakuti mwana apite ku Misa ya m'mawa ya pakati pa sabata, alandire Sakramenti la Kulapa popanda kuthamangitsidwa ndi nthawi, alowe m'gulu la otumikira pa guwa kapena kwaya, ndipo amene adatsalira pa maphunziro a Ukaristia woyamba ndi Ulimbitso akaonane ndi akatekisti. Chaka cha Maria Kutengedwa Kumwamba pa 15 Ogasiti chimapeza ana onse ali pakhomo.

Kumene kholo limodzi silingafike, mphakati ungafike. Maepiskopi a chigawo chino cha Africa adasankha miphakati m'zaka za m'ma 1970 kuti ikhale maziko a moyo wa Eklezia, ndipo mu mzinda mphakati ndiwo mudzi umene anthu adausiya kwawo. M'mphakati uliwonse muli mphunzitsi wopuma ntchito, muli telala, kalipentala kapena makaniko, muli mayi amene amakhala pakhomo masana, muli wophunzira wa ku koleji amene nayenso ali pa tchuthi. Ngati aliyense wa iwowa atapereka masana amodzi pa sabata, poyera ndi makolo akudziwa, ana a m'deralo angakhale ndi kopita: kuŵerenga, mpira, kusoka, kukonza njinga, kukachezera odwala ndi okalamba. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwu umanenedwa kawirikawiri pa maukwati ndi pa maliro, koma malo ake enieni ndi Lachitatu masana, pamene Mkhristu waona mwana wa mnansi akulowa m'nyumba ya video show nthawi imene amayi ake ali ku msika.

Amene tchuthi chawo sichidzatha

Marko akupitiriza kunena kuti dzuwa litapendeka, khamu lija lidali ndi njala, ndipo Lamulungu likudzali Eklezia adzaŵerenga kuchokera kwa Yohane Woyera, mutu 6, momwe Yesu adadyetsera anthuwo ndi buledi msanu ndi nsomba ziwiri zimene adabwera nazo mnyamata wina. Njala ya tchuthi iliponso mu mzinda muno. Bungwe la Mary's Meals, limene lidayamba ntchito yake ku Malawi kuno mu 2002, limapereka phala m'sukulu zambiri za pulayimale, ndipo kwa ana ena kapu ya phala imeneyo ndicho chakudya chokhacho chodalirika pa tsiku. Sukulu ikatsekera, moto wa pa mphika wa phala umazimanso. Ana amene akuoneka akutola mabotolo a pulasitiki ndi zitsulo m'mbali mwa mtsinje wa Mudi mu Ogasiti si onse amene ali osamvera. Ena akusaka chimene sukulu inkawapatsa. A mphakati amawadziwa makomo amenewa, ndipo mbale ya ufa yopita kumeneko mwakachetechete ndi gawo la ubusa womwewo.

Palinso ana amene atsekera sabata ino koma sadzatsegulira. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, koma yunifomu, nsapato, makope ndi zolembera si zaulere, ndipo mwana wosankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko amafunika ndalama ya chakudya ndi malo, matiresi, bulangeti ndi thiransipoti. Mayi wamasiye akalandira uthenga wakuti mwana wake wasankhidwa, chimwemwe chimakhala cha tsiku limodzi, kenaka nkuyamba kuŵerengera. Mwanayo akauzidwa kuti adikire kaye teremu imodzi, amalowa m'chaka chija cha Augustino, ndipo ambiri satulukamo.

Augustino adatulukamo chifukwa munthu wina wachuma wa ku Thagaste, dzina lake Romanianus, adathandiza kulipira maphunziro ake ku Carthage. Munthuyo sadadziwe kuti akulipirira amene adzakhale episkopi wa ku Hippo ndi mphunzitsi wa Eklezia yense; adangoona mwana wa mnansi amene wakhala pakhomo nthawi yaitali. Atsogoleri a miphakati, amayi a bungwe la Amayi Akatolika, abambo ndi a Legio ya Maria ali ndi sabata zokwanira kuti alembe maina a ana otere m'madera awo ndi kuwapereka ku ofesi ya parishi Ogasiti asadathe, kuti yunifomu imene mwana wina yamuchepera ndi sutikesi imene ili pansi pa bedi zipeze mwini sukulu zisadatsegulire.